Magalasi a Marta

Amayi Domingas a ku Ntengo-Wambalame sadamukonde mkamwini wawo kuyambira tsiku limene adaimika mota yake, njinga yamoto, pansi pa mtengo wa mapichesi. Chifukwa chake sankabisa. Ankati angamukhulupirire bwanji munthu woyenda atabisa maso.

Mkamwiniyo, Damião, adali wa ku Chidzolomondo, ndipo ntchito yake idali yonyamula anthu ndi matumba a mbatatesi pa mota kupita nawo ku vila ya Tsangano. Kumaso kwake kunkakhala magalasi a dzuwa, aja opindika mpaka cha m'makutu, onyezimira ngati msana wa ntchentche yobiriwira. Iye ankati ndi a ntchito, oteteza ku fumbi, mphepo ndi tizilombo tolowa m'maso pothamanga. Amayi Domingas ankati ndi a akuba. Pofika pakhomo ankawavula ndithu, mnyamata waulemu, koma paja apongozi sayang'anana kumaso. Mayiwo ankamuonera patali ali pa mota, akayandikira iwo nkhope kumbali. Choncho maso a mkamwini wawo sadawaonepo, ndipo mlandu wake adaupereka kwa magalasi.

Mwana wawo Iolanda adakwatiwa ndi Damião ali kale ndi mwana wamkazi, Marta, wobadwa ndi khungu lachialubino. Bambo wom'bereka adati akukagula sopo mwanayo atangobadwa, ndipo sopoyo akugulidwabe mpaka lero. Kuyambira pamenepo agogo adamutenga Marta kukhala wawo. Masana ankamutsekera m'nyumba, chifukwa dzuwa linkamutulutsa misozi, maso n'kumangophethira. Ku shikola, kokaphunzira ndi anzake, adamukaniza, chifukwa njira ndi yaitali ndipo aliyense adamvapo zimene anthu oipa amawachita ana otere. Mantha amenewo sadali opeka ayi, mayiwo tisawanamizire. Kungoti adawakulira, mpaka mbuzi ikayetsemula kuseri kwa nyumba, iwo musi uli kale m'manja.

Damião atayesa kunena za shikola, yankho lidabwera kudzera mwa Iolanda: mwanayo ali ndi eni ake. Ndipo agogowo adalamula kuti Marta azimutchula atiyu, ngati malume chabe, osati ababa.

Tsiku lina Marta adatola magalasi a Damião pa mpando wa mota n'kuwavala. Adatuluka mpaka pakati pa bwalo dzuwa lili paliwombo, naima chilili, dzanja limodzi litagwira magalasiwo chifukwa ankamugwa. Kenako adati dzuwa lasiya kuluma. Damião adamva. Pa tsiku la msika adamugulira timagalasi tating'ono kwa munthu uja amayala zipeso ndi maloko pa thebulo. Marta adavala tsiku lonse, madzulo mutu uli waa, maso ali psu. Agogo adakataya timagalasito m'chimbudzi, nauza mudzi wonse kuti mkamwini amafuna kumuchititsa khungu mwana. Damião sadayankhe kanthu.

Kusayankha kumeneko ndiko kudayamba kuwadya mayiwo. Munthu wosalakwa amadzikanira, ankatero, uyu wangoti chete, akuphika chiyani?

Ndiye zinthu zidayamba kuoneka. Mayi wina wogulitsa nyemba adati adamuona Damião ku chipatala cha ku Tsangano akulankhula nthawi yaitali ndi namwino, pamene kunyumba kulibe wodwala. Telefoni ikalira ankapita nayo kumunda, n'kumalankhula Chipwitikizi ndi munthu wa ku Tete. Nkhumba yake adaigulitsa, koma Iolanda sadaone ngakhale mpango watsopano. Chidamaliza zonse ndi chimene Amayi Domingas adaona ndi maso awo kuseri kwa nkhokwe: mkamwini atagwada, akumuyeza Marta mutu ndi kachingwe, kuchokera khutu ili kufika khutu ilo, n'kumanga mfundo, kachingweko n'kuika m'thumba. Adamujambulanso nkhope ndi telefoni.

Mayiwo adamukokera Iolanda kukhitchini.

“Munthu amayeza mutu wa mwana wa mwini kuti atani nawo? Nkhumba wagulitsa kuti apeze poyambira akathawa. Iwe kwawo udapitako kangati? Abale ake umawadziwa angati?”

Iolanda adati mwamuna wake si wotero. Adanenanso kachiwiri, koma mawu atatsika. Atamufunsa Damião za kachingweko, iye adangomwetulira nati adzaona, asayambe wauza amayi. Ndiye taonani, mawu amenewo ndiwo adalowa ngati minga. Bwanji asauze amayi? Tsiku lomwelo Iolanda adasamutsira mphasa ya Marta kunyumba kwa agogo. Damião atafunsa, adati kwa agogo n'kofunda. Damião adamuyang'ana nthawi yaitali, Iolanda n'kumangokonza chitenje chimene chidali chokonzeka kale.

Tsiku lokumba mbatatesi, akazi awiriwo adapita kudimba m'mawa, Marta atamusiya m'nyumba chitseko chili chotseka. Pobwera masana adapeza chitseko chili pululu, mota palibe. Mayi woyandikana nawo adati adamuona Damião akutuluka, mwana ali kumbuyo atavala chipewa chake chachikulu.

Amayi Domingas adagwa pansi n'kulira maliro. Anthu adathamangira. Osório, mchimwene wake wa Iolanda, amenenso adali nkhoswe ya banjalo, adasonkhanitsa amuna, natchinga msewu ndi chipika. Ena adatenga zikwanje. Adayesa kuimba telefoni ya Damião, koma inkangoitana. Wina adafunsa ngati aimbire polisiya, anthu onse n'kutembenukira kwa Iolanda. Iolanda, misozi ili chuchuchu, adati aimbe, natchula yekha mtundu wa mota ndi jekete limene mwamuna wake adavala.

Dzuwa litapendeka, mota idamveka ikukwera chitunda. Idaima pa chipika paja. Damião asadatsike n'komwe, Osório adamugwira pakhosi n'kumukokera pansi. Magalasi ake adagwera m'fumbi, phazi la wina n'kuwaponda, phwanyu. Amayi Domingas adadutsa pakati pa amuna musi uli m'mwamba, akufunsa kumene wamusiya mwana.

Mwanayo adali pomwepo, akutsika yekha kumbuyo kwa mota. Pansi pa chipewa padali magalasi a msinkhu wake, opindika mpaka m'mbali mwa maso, kalamba katamugwira kunkhongo. Adali onyezimira ngati kalilole. Agogo atawerama kuti amugwire, adadziona okha m'menemo, awiri, diso ili mmodzi diso ilo mmodzi: nkhalamba ya mpango wopendekeka, kukamwa kuli yasa, musi uli m'mwamba ngati ikufuna kusinja mitambo.

“Agogo, mukusinja chiyani pamsewu?” adafunsa Marta. “Tinapita kukayesa magalasi. Taonani, ndikadumpha sakugwa.”

Ndipo adadumpha. Zikwanje zidayamba kubisala kumbuyo kwa miyendo ya eni ake.

Damião adadzuka, nasasa fumbi, nafotokoza osakweza mawu. Timagalasi ta pa thebulo tija titamudwalitsa mwana, adakafunsa namwino. Namwinoyo adamuuza kuti kuda kokha si kanthu, ena amangodetsa, diso n'kutseguka kwambiri, dzuwa n'kumalowabe. Mwana ngati Marta amafunika enieni otchinga ukali wa dzuwa, otseka ndi m'mbali momwe, opepuka, osasweka msanga, omukwana pamphuno, okhala ndi kalamba kuti azithamanga nawo. Otere ku Tsangano kulibe. Mwini sitolo wa ku Tete ndiye adafuna muyeso ndi chithunzi, natumiza awiri ndi woyendetsa shapa, kabasi konyamula anthu, kuti mwana ayese, osamukwana abwerere tsiku lomwelo. Nkhumba idapita kumeneko. Sadanene chifukwa oyamba aja adathera m'chimbudzi, ndipo sadafune kulonjeza mwana chinthu chimene mwina sichikadafika.

Kenako adafunsa amene adaimbira polisiya, pakuti wapolisi wina adamuimitsa panjira n'kumutchulira jekete lake. Iolanda adaphimba nkhope.

“Amayi aganize zimenezo, ndamva, ndi agogo, adamulera okha,” adatero Damião. “Koma inunso, amake Marta? Timadya mbale imodzi, inu mukundiona ngati wogulitsa mwana?”

Iolanda adagwada m'fumbi momwemo, namugwira mwendo, akuti mantha adamuzunguza mutu. Damião adachotsa dzanja la mkaziyo pang'onopang'ono. Adapatsa Marta kabokosi ndi kansalu kofewa, namuuza kuti azitsuka magalasi ndi madzi asadapukute, asamapukutire chitenje cha fumbi, ndipo akavula aziwabwezera m'kabokosi. Adalowa m'nyumba, natuluka ndi chikwama, chitseko n'kuchimenyetsa mpaka dothi la pakhoma lidagwa. Amene adatchinga msewu adachotsa okha chipika.

Masiku otsatira pakhomopo padazizira. Damião ankagona kwa mnzake ku vila. Iolanda sankadya, ndipo iye ndi mayi ake ankaponyerana mlandu ngati mbatatesi yamoto. Uyu akuti mantha anu andithamangitsira mwamuna, awo akuti jekete lidatchulidwa ndi pakamwa pa yani. Osório adapita kukapepesa, nabwera ndi yankho lakuti iye adangogwira pakhosi, wonyamula musi ndi wotchula jekete sadaoneke. Marta yekha ndiye adasintha. M'nyumba adakana. Ankavala chipewa, malaya a manja aatali ndi magalasi ake, n'kukakhala pansi pa mtengo wa mapichesi kuyang'ana kumsewu. Mota iliyonse ikamveka ankaimirira, ikadutsa n'kukhalanso.

Kuimirira ndi kukhala kumeneko ndiko kudawathyola Amayi Domingas. Pa tsiku la msika adagwira tambala wawo wamkulu, namanga miyendo, nakwera shapa pamodzi ndi Iolanda ndi Marta. Atafika pamene amota amadikirira anthu, Iolanda adatsalira kumbuyo ndi manyazi. Mayiwo adati zimenezi amaliza okha, nalunjika kutsogolo.

Tsono apa ndi pamene padavuta. Anyamata a mota adali ndandanda, zisoti kumutu, magalasi kumaso. Mayiwo nkhope ya mkamwini wawo sadaidziwe, chimene ankadziwa ndi magalasi basi. Adasankha wa magalasi onyezimira kuposa onse, nagwada chapambali monga achitira apongozi, nkhope atayang'ana kwina, nayamba kupepesa. Adati adalakwa, ukalamba ndi mantha zidawapusitsa, abwerere kunyumba mkazi akuwonda. Mnyamatayo, Januário, amene sadakwatirepo chibadwire, adamvetsera mwaulemu wonse, nati wakhululuka ndi mtima wonse, natambasula manja kulandira tambala. Anzake ankaluma milomo kuti asaseke.

Kumapeto kwa mzere munthu wina adatsokomola. Marta, amene maso ake saona patali ngakhale ndi magalasi, adatembenuka nthawi yomweyo.

“Agogo, mukupereka tambala kwa munthu wina. Ababa ali uku.”

Adawagwira dzanja, nawakokera kwa munthu yekhayo amene adalibe magalasi. Amayi Domingas, mwambo kapena ayi, adakweza nkhope namuyang'ana. Adali maso wamba, ofiira ndi fumbi la mumsewu, ndipo panthawiyo adali atadzaza misozi, chifukwa mawu akuti ababa adali asadawamvepo. Mayiwo sadamudzudzule mwanayo. Adabwerera kukalanda tambala kwa Januário, amene adamupereka monyinyirika, nadzagwadanso, nabwereza zonse kuyambira pachiyambi. Iolanda adafika, nagwada pambali pawo.

Damião adawauza kuti adzuke, anthu akuona. Adati abwerera, koma Marta ayambe shikola. Azimuperekeza yekha pa mota ndi kukamutenga, ndipo agogo akafuna azikakhala pakhomo pa shikolayo ndi musi wawo, palibe awaletse. Kwa Iolanda adati chilonda chake sichipola lero, koma akafuna kudziwa kanthu azimufunsa kumaso, osasamutsa mphasa. Iyenso adavomera kuti kutenga mwana osanena kudali kulakwa, ndipo sadzabwereza.

Mbatatesi zitagulitsidwa, Amayi Domingas adaitana Iolanda pabwalo, natulutsa kachingwe m'chitenje. Adati apite akayeze mutu wa mwamuna wake, khutu ili kufika khutu ilo, chifukwa Osório akupita ku Tete, akamugulire magalasi ena, pakuti maso ofiira aja akuwasowetsa mtendere.

Iolanda adalandira kachingweko nalunjika kunyumba.

“Osati m'nyumba,” adatero mayiwo. “Muyezere pano pabwalo, aliyense aone.”