Zidole za Kumbuyo

Maminibasi a kampani ya Liwiro ankayenda okha mu Limbe, opanda dalaivala kapena kondakitala. Ankaona ndi maso agalasi, ndipo chowayendetsa chinali aligorizimu, ndondomeko yobisika imene inkauza galimoto chochita. Tsiku lina mabuleki a minibasi ina anakana kugwira pafupi ndi msika, anthu ali mbali zonse. Inakhotera kumanzere, kumene kunaima bambo Chikuse, amuna ake a Esinala.

Esinala sanalire kwambiri pamaliro. Ankangofunsa kuti n'chifukwa chiyani inasankha kumanzere. A kampani anati chimenecho n'chinsinsi cha malonda. Esinala anapondaponda m'makhothi mpaka woweruza analamula kuti ndondomekoyo iperekedwe ku bungwe la boma loyang'anira makina.

Mkulu wa bungwelo, bambo Mtambo, anamuitana ku ofesi.

"Mayi, tayiwerenga," anatero maso ali pansi. "Ngozi ikakhala yosapeweka, galimoto imasankha. Kumanja kunali mayi wobereka mwana. Kumanzere kunali bambo wa imvi."

"Ndiye inawaona?"

"Inawaona bwinobwino."

Esinala anathokoza n'kutuluka. Ankayembekeza kuti mtima umupweteka, koma munali zii ngati m'nyumba yoti anthu anasamukamo.

Bungwelo linalonjeza kusaulula, koma posakhalitsa nkhani inali m'kamwa mwa aliyense. Mavenda anayamba kugulitsa zidole zazikulu ngati khanda. Amayi, atsikana, ngakhale abambo amataye, ankawoloka msewu atabereka chidole. Achikulire ankapaka imvi zawo mankhwala akuda.

Mng'ono wake, Felesiya, anamubweretsera chimodzi. "Achemwali, berekani. Si inu amene munatitsegula m'maso?"

Esinala anachilandira n'kuchiika pamwamba pa kabati.

Koma aligorizimu ija inkaphunzira tsiku ndi tsiku. Itaona kuti Limbe yense ali ndi ana kumbuyo, ana osalira, osagwedera, inaleka kuwerengera chilichonse cha m'chitenje. Palibe anaiuza, inangosintha yokha. Zimene a boma anawerenga zija zinali zitatha kale ntchito.

Mvula yoyamba itagwa, minibasi ina inaterereka pamphambano n'kukhotera kwa mtsikana wogulitsa nthochi. Mtsikanayo anapulumuka. Cha kumbuyo kwake sichinali chidole.

Bambo Mtambo anamuimbira foni Esinala. "Mayi, tikubwerera kukhothi. Tikufuna tiziona m'ndondomeko ija tsiku lililonse, osati kamodzi. Mubwera kudzachitira umboni?"

"Mwanayo dzina lake anali ndani?"

"Sindinafunse, mayi."

"Ndibwera," anatero Esinala.

Anatuluka n'kukakhala pakhonde, manja ali pamaondo. Mumsewu maminibasi ankadutsa mwakachetechete, anthu akuwoloka monga mwa masiku onse. Sanathenso kusiyanitsa chimene chinali choopsa kwambiri: makina obisa maganizo awo, kapena anthu amene awadziwa maganizowo.