Mashelefu Otsika

Kwa zaka zisanu ndi ziwiri Nagat ankagona m'chipinda chogundana khoma ndi cha apongozi ake, a Zakiya, amene anthu ankawatcha Hagga mwaulemu, moti Nagat akangotsokomola, kutacha ankafunsidwa kuti dzulo anadya chiyani. Chimene chinkamulimbitsa mtima chinali pamwamba pa nyumba yawo ya mumzinda wa Tanta. Malemu apongozi aamuna anasiya atasanjapo makoma a njerwa, opanda pulasitala, opanda zitseko, ndipo aliyense m'banjamo ankati pamwambapo ndi pa Hamdi, mwamuna wa Nagat.

Amisiri atatchula mtengo womalizira, Hamdi anangoseka n'kukhala pansi. Nagat sanaseke. Iye anali mwana wa mmisiri woika matailosi, ndipo anakula akusakaniza simenti. Anapita kwawo, nakatenga bokosi la zida la malemu bambo ake, anagulitsa zibangili zake zagolide za pa ukwati, n'kugula matailosi ndi mipope.

Zaka zitatu mayiyu anagwada pa simenti. Hamdi ankathandiza Lachisanu lokha akachokera ku mzikiti, ndipo kuthandiza kwake kwenikweni kunali kugwira makwerero. Manja a Nagat anang'ambika mpaka apongozi ankamunena pamaso pa alendo.

"Mkazi wanji wa manja ngati khungwa? Anthu azinena kuti banja lino ndi loumira."

Nagat ankangoti, "Chabwino amayi," n'kukwera masitepe.

Anakangana ndi Hamdi kamodzi kokha, miyezi inayi ntchito isanathe. Nagat anali wamtali, ndipo mashelefu a kukhitchini anawakhoma poti iye afikire bwino. Hamdi analowa, natenga tepi yoyezera m'bokosi, nayeza khoma.

"Make Rawan, awa akwera kwambiri. Atsike."

"Wophika muno ndine, bambo a Rawan. Mukufuna ndizichita kuwerama?"

"Ganizira mwanayu. Rawan akayamba kukuthandiza afikira bwanji?"

Mwana wazaka zisanu! Komabe Nagat anakondwa kuti bambo akuganizira mwana wake wamkazi. Anazula mashelefu onse, namata mabowo, nawakhomanso m'munsi pamene Hamdi analemba ndi pensulo. Kuchipinda iye ankafuna penti yoyera, Hamdi anabwera ndi yobiriwira, akuti inali yotchipa. Nagat anapaka akuimba.

Lachisanu lina apongozi anamuuza kuti kukubwera alendo, a kwawo kwa mtsikana amene Wael, mng'ono wake wa Hamdi, ankamufunsira. Nagat anaphika, anakonza tiyi, natenga thireyi kupita kuchipinda chochezera. Anapezamo mipando yokha, mawu akumveka pamwamba.

Anakwera thireyi ili m'manja. A Hagga Zakiya anali pakati pa balaza, kiyi ali m'manja, akulankhula ndi a Fawzi, bambo a mtsikanayo.

"Munati simupereka mwana wanu popanda nyumba yomalizidwa. Nayi, Hagg Fawzi. Mpope uliwonse ukutulutsa madzi. Wael wanga wavutika nayo zedi."

Wael anayang'ana kudenga. Hamdi anali pazenera, atafulatira.

Nagat anaganiza kuti wamva molakwa. Kenaka anaona mtsikanayo, Shaimaa, ali kukhitchini. Anali wamfupi ngati mwana wasukulu. Anatambasula dzanja nakhudza shelefu yapamwamba osanyanyamphira n'komwe.

"Abambo, taonani! Ngati anachita kundiyeza. Ndipo kuchipinda apakadi penti yobiriwira ija ndinanena!"

Thireyi inagwa. Makapu anasweka, tiyi n'kuyenderera pa matailosi amene Nagat anaika yekha limodzilimodzi.

"Miyezi inayi," anatero Nagat. "Bambo a Rawan, tembenukani mundiyang'ane. Miyezi inayi mukudziwa?"

"Make Rawan, pali alendo. Tikambirana pansi."

"Pansi ndakhalako zaka zisanu ndi ziwiri! Tikambirana pompano. Munandizulitsa mashelefu ponamizira mwana wanu. Munagwira makwerero ine ndikupakira mkazi wina penti. Munkandiyang'ana bwanji kumaso?"

"Tseka pakamwa pako!" anakalipa apongozi. "Nyumba ino ndi ya mwamuna wanga, ndipereka kwa amene ndafuna. Iwe uli ndi pogona kale. Ukufuna mlamu wako akalambe wosakwatira chifukwa cha dyera lako?"

"Amayi, mukanandipempha. Mwina ndikanalira, mwina ndikanakana, koma mukanandipempha ngati munthu. Inu munandisandutsa waganyu, waganyu wosalipidwa, wogula yekha simenti ndi golide wa pa ukwati wake."

Misozi inatsika osaipukuta. Sikuti inali ya makoma ayi. Chinkamuwawa chinali kukumbukira mmene anakondwera tsiku lija, akumata mabowo, akuganiza kuti ali ndi mwamuna wokonda mwana.

A Fawzi anayandikira Wael.

"Mwana wanga, potsekera madzi a nyumba ino ndi pati?"

Wael anayang'ana mkulu wake. Hamdi anayang'ana pansi.

"Kuseri kwa chitseko cha bafa, tailosi yachitatu kuchokera pansi imachoka," anayankha Nagat.

A Fawzi anayang'ana manja a Nagat, nayang'ananso manja osalala a Wael. Anatembenukira kwa a Hagga Zakiya.

"Hagga, ndinapempha nyumba, sindinapemphe yolanda. Ngati mwatere ndi mpongozi amene wakutumikirani zaka zisanu ndi ziwiri, wangayu mudzamutani? Shaimaa, tiye."

Mtsikanayo anadutsa pafupi ndi Nagat akulira. "Achemwali, Mulungu ndi mboni, sindimadziwa."

"Ndikudziwa," anatero Nagat. "Thamanga mwendo ukadali wopepuka."

Chitseko cha pansi chitamenyeka, Wael anatukwana natsika masitepe awiriawiri. A Hagga Zakiya anadzimenya pachifuwa, nakuwa kuti awachititsa manyazi mu msewu wonse, kenaka anaponya kiyi pamapazi a Nagat.

"Tenga! Si zimenezi umafuna? Khalamo, uzidya matailosiwo!"

Hamdi anatola kiyi uja msangamsanga, nkhope itawala ngati munthu amene wapulumuka.

"Wamva make Rawan? Amayi avomera. Nyumba ndi yathu. Mashelefuwo tikweza mawa, ine ndigwira makwerero. Ndinalakwa, koma ndikanatani? Ndi mayi anga, anandilumbiritsa."

Nagat analowa m'bafa, natola levulo, nyundo ndi chodulira matailosi, naziika m'bokosi la bambo ake mwadongosolo monga anamuphunzitsira. Anatsika, nalongedza zovala zake ndi za mwana, namugwira Rawan padzanja. Hamdi ankamutsatira chipinda ndi chipinda akuchonderera.

"Upita kuti? Anthu adzati chiyani? Zaka zitatu za thukuta lako uzisiya choncho?"

"Kwa achimwene anga. Ali ndi makoma ofuna pulasitala, ndipo iwo akandituma amandiuza mwini nyumba ndani."

Pakhomo anaima, natsegula bokosi, natulutsa tepi yoyezera. Anaiika m'dzanja la Hamdi, pamwamba pa kiyi, napinda zala zake kuti agwire bwino.

"Iyi sinditenga. Mwaidetsa. Mukapeza wina wodzakhala pamwambapo, mudzamuyeze bwinobwino, chifukwa wozula mashelefu kwaulere palibenso."

Anatuluka. Rawan anacheuka kuyang'ana bambo ake, nafunsa ngati abweranso kudzagona kuchipinda chatsopano chija. Nagat anasintha bokosi kupita dzanja lina, namukoka mwanayo kuti awoloke msewu.