Benchi la Mabatani

Chimene mayi aphunzitsi anadabwa nacho mumsika wa tauni yakale ija chinali chakuti ogulitsa sankaitanira malonda. Ankangoyang'ana alendo, milomo ili tseke. Koma munthu amene wagwira choko zaka makumi atatu sasowa yankho: anati umenewo ndi ulemu wa anthu akale.

Anabwera ndi anzawo opuma pantchito kudzaona nyumba zamiyala, mlatho wakale ndi minda ya kuseri kwa phiri. Anzawo atanyamuka kupita kumlatho, iwo anatsala chifukwa cha bondo. Ankafunanso mabatani a kajuzi ka mdzukulu, poti mwana wawo wamkazi mmodzi yekhayo anali woyembekezera.

Wogulitsa mabatani, mayi waimvi, anawagwira dzanja.

"Achemwali, tandiyang'anireniko benchili pang'ono. Ndikubwera."

Ndani angakane? Anakhala pampando. Mayi uja anachoka osavala n'komwe nsapato, ndipo pofika pachipata anali akuthamanga ngati kamtsikana. Paja chifundo chinapha nkhwali.

Dzuwa litapendeka, hutala ya basi imene anabwera nayo inalira katatu. Aphunzitsi anatuluka pachipata, kutsata phokosolo, kukhota panyumba ya wotchi, n'kungopezeka ataima pabenchi la mabatani. Anaseka, nati ndi ukalamba. Kachiwiri sanaseke. Mabasi anali awiri, ndipo a m'basi iliyonse ankaganiza kuti aphunzitsi ali mu inzake.

Anaimbira mwana wawo. "Mwanawe, andisiya kuno. Bwera udzanditenge." Foni inazima asanamve yankho.

Mdima unagwa, koma palibe wogulitsa amene analongedza katundu. Onse anangokhala m'malo mwawo. Kunkamveka kupuma kwawo kokha, malata akulira chifukwa cha kuzizira, ndi mabatani akugundana pang'onopang'ono m'mabotolo, pomwe panalibe wowakhudza.

M'mawa anaganiza zodzera kuminda. Bondo analiiwala. Anawoloka mlatho, kudutsa ng'ombe zomwe sizinadzutse n'komwe mitu, kukwera phiri mpaka anaona msewu wa tala kumunsi, galimoto zikudutsa bwinobwino. Anatsetsereka mtima uli dyokodyoko, nakankha mpanda wa mitengo yaminga. Dzanja lawo linagwira thabwa la benchi. Pamenepo analira, kulira kwenikweni kwa mantha.

Tsiku lachitatu anapeza kachikwama ka paulendo pansi pa benchi. Munali chipewa cha dzuwa ndi tikiti ya basi yofufutika ndi zaka.

"Mayi wa mabatani uja nayenso anali mlendo," ananong'ona bambo wogulitsa maloko wa pabenchi loyandikana, osatembenuka. "Tonse muno ndife alendo, mayi."

"Nanga ndituluka bwanji?"

"Monga anatulukira mnzanuyo. Wina akhale pampandopo mwakufuna kwake. Akangokhala, inu thamangani."

Masana kunadutsa mayi wina wobereka khanda, wankhope yachifundo. Aphunzitsi anatsegula pakamwa, mawu ali okonzeka kale. Khanda linawayang'ana. Aphunzitsi anangoti, "Mabatani atha," pomwe mabotolo anali odzaza.

"Inenso ndinalephera choncho," anatero wa maloko. "Ndinabwera tsitsi lili bii."

Apa m'pamene aphunzitsi anakumbukira kuti anaitana mwana wawo pafoni paja. Anapemphera kuti mwana wawo asochere, galimoto imufere panjira, chilichonse.

Koma mwana woleredwa bwino sasochera. Madzulo a tsiku lachinayi analowa pachipata, mimba patsogolo, dzanja kumsana.

"Amayi! Takufunani paliponse! Mukutani pamenepa?"

"Ndikuyang'anira katundu wa munthu. Iwe bwerera."

"Taonani mmene miyendo yatupira. Dzukani mukasambe, mudye. Ndikhalapo ine mpaka mwiniwake abwere."

Mwanayo anaika dzanja pampando. Mitu yonse ya mumsika inatembenukira kwa iwo. Ndipo aphunzitsi anamva chinthu chimene chinawaopsa kuposa zonse: miyendo yawo inapepuka, mawondo n'kuyamba kuwongoka okha, mokondwa.

Anakakamira mpando ndi dzanja limodzi. Ndi linalo anamumenya mwana uja pamkono, mwana amene sanamumenyepo chibadwire.

"Choka! Ndakuitana ine? Ndatopa nawe, wamva? Usadzapondenso kuno!"

Mwana anaima kukamwa kuli yasa. Kenaka anatembenuka, napita akusisima, akucheuka pa benchi lililonse. Aphunzitsi anamuyang'ana mpaka anadutsa pachipata, mpaka anakhota panyumba ya wotchi, osabwereranso. Mtima unawapweteka, komabe anathokoza.

"Mwachita bwino," ananong'ona wa maloko. "Koma ana oterewa sakwiya nthawi yaitali. Mawa abwera ndi chakudya, ndipo adzakupezani mutatopa kuposa lero."

Aphunzitsi anavula mpango kumutu, namangirira mwendo wawo kumwendo wa mpando, mfundo zitatu.