Mkazi wa Beseni Pakhonde

Malemu achemwali anga anachoka mochedwa ku situdiyo usiku umenewo. Alamu, amuna awo, anali wojambula zithunzi, ndiye anthu osunga zakale anawapatsa ntchito yojambula nyumba za azungu zisanagumulidwe. Achemwali anatsalira kusanja zithunzizo, mpamene anamuona. Mkazi wamtali, beseni m'chiuno, ataima pakhonde la nyumba ina yosanja yopanda anthu. Chithunzi chinacho, yemweyo. Chinanso, yemweyo, akumwetulira. Zisanu ndi ziwiri!

Alamu anali atalumbira masana kuti amajambula njerwa ndi mawindo basi, munthu sanamuone. Achemwali anati mumtima, njerwa zake zamwetulira bwino. Anazikulunga zonse, mtima uli phuu, nati akazitenthe kunyumba.

Njira yakwawo imadutsa panyumba yomweyo. Mpanda wogwa, udzu mpaka m'mawondo. Atafika pageti anamva madzi akudontha. Tho... tho... Mvula kunalibe. Kenaka fungo la sopo. Anatembenuka.

Uyo ali pakhonde! Beseni lomwelo.

Nsanje inawakankha. Anamufunsa ngati alibe manyazi kujambulitsa kwa amuna a eni ake. Mkazi uja sanakwiye. Anangoyang'ana phukusi lija.

"Musatenthe, mayi. Mawa akugumula. Ndikakhala m'menemo."

Za kutentha anamuuza ndani? Achemwali anayang'ana pansi. Madzi akuchucha m'beseni... simenti youma. Anathawa! Nsapato imodzi inatsala komweko.

M'mawa anapita ndi alamu kwa osunga zakale aja, nkhope ili gwa. Bambo wa kumeneko anatulutsa chithunzi chachikasu, chodyedwa m'mbali. Nyumba yomweyo ikadali yatsopano, azungu pamipando, kumapeto kwenikweni mkazi wa beseni. Kuseri kunalembedwa kuti anali wochapa zovala, anagwa pamasitepe n'kufa. Nthawi imeneyo mayi athu asanabadwe.

Nyumba anaigumuladi. Zithunzi achemwali sanatenthe, anazipereka okha. Koma alamuwo achemwali sanawakhululukire. Ndikawaseka kuti mukulimbana ndi mzimu, ankandiyankha osaseka.

"Wakufa kaya wamoyo, mlongo wanga, iye anamujambula kasanu ndi kawiri. Ine kamodzi, cha chiphaso."

Achemwali tinawaika m'manda mwezi watha. Pabokosi tinaikapo cha chiphasocho, china sitinachipeze.