Nelida Anabwera Kudzavina

Nelida atatsika basi ku Cerro de Pasco, tauni yakwawo ya pamwamba pa mapiri aatali, mutu unali utayamba kale kugunda. Anali atatha zaka ziwiri pasukulu ku Lima, kumunsi kunyanja, ndipo anabwera kwawo kudzavina pa chikondwerero cha m'dera lawo.

Kumapiri kwathu kuno mpweya ndi wochepa, ndipo lamulo la wochokera kumunsi ngakhale mwana amalidziwa: tsiku loyamba ugone, udye pang'ono, umwe tiyi wa masamba a koka. Mayi ake anamuyalira zikopa za nkhosa n'kutereka tiyiyo.

Asanamwe n'komwe, analowa Yesenia, msuweni wake, mtsikana wa pakamwa posatopa.

"Ndiye wagona ngati mlendo wodzajambula mapiri?" anatero Yesenia. "Anzako akuyeserera gule kubwalo la kumtunda. Kapena Lima yakusandutsa dona?"

"Musiye mnzako, iwe," anatero mayi a Nelida. "Phiri silifunsa kuti ndiwe mwana wa yani."

"Azakhali, uyutu mchombo wake unagwera pompano. Matenda a phiri ndi a alendo."

Nelida anachita manyazi. Kutchedwa mlendo kwawo komwe kunamupweteka kuposa mutu. Mayi ake atatuluka kukatunga madzi, anavala masiketi ake olemera a gule n'kulondola msuweni wake.

Kubwaloko anavina modzikakamiza, akumwetulira kuti asaonekere. Atayamba kutsokomola, Yesenia anakuwa, "Imvani mapapo a ku Lima!" Atsikana onse anafa nacho chiseko, ndipo Nelida anazunguliranso kawiri.

Kutacha, analibe mphamvu ngakhale zodzukira. Milomo inali itada bii, pachifuwa pakumveka ngati madzi akuwira, ndipo akatsokomola pankatuluka thovu lofiirira. Anamunyamulira m'bulangete mpaka kuchipatala, Yesenia atagwira nawo ngodya imodzi.

Namwino anamuveka chopumira mpweya. "Madzi adzaza m'mapapo," anauza mayi a Nelida. "Thupi likakhalitsa kumunsi limaiwala phiri, ngakhale la mwana wobadwira kuno. Ayenera kutsika lero lomwe, mwina tingamupulumutse. Kodi ndani anamulola kuvina tsiku lofika?"

Mayi a Nelida sanamuyang'ane n'komwe Yesenia, ndipo kwa mtsikanayo zimenezo zinawawa kuposa kukalipiridwa.

Pamene ankamukweza Nelida mu ambulansi, malipenga a chikondwerero anali atayamba kulira kumtunda. Yesenia anakankha anthu n'kugwira dzanja la msuweni wake. Linali lozizira.

"Ndine ndinakutengera kubwalo," anatero akulira. "Siwe mlendo, Neli. Ndikhululukire."

Nelida anatsegula maso. Milomo inagwedezeka mkati mwa chopumira chija, koma mpweya sunakwane ngakhale liwu limodzi. Dalaivala anatseka chitseko, galimoto n'kuyamba kutsetsereka, ndipo Yesenia anatsala pamsewu osadziwa chomwe mnzakeyo amafuna kunena.