Odi Kuseri kwa Njerwa Zatsopano

Nkhaniyi anandiuza ndi Bi Mwatima, mayi mnansi wanga kuno pachilumba cha Unguja. Ndiifotokoza mmene anainenera, ndipo Mulungu andikhululukire ngati ndaonjezapo liwu.

Nyumba yawo ndi yakale, ya miyala ya m'nyanja. Pansi ndi sitolo ya nsalu, pamwamba ndi pogona. Kuchipinda chapamwamba kuli kamlatho kofolera, kodutsa pamwamba pa kanjira n'kukalowa m'nyumba ya patsidya. Kale akazi ankachezerana kudzera pamenepo osaponda mumsewu. Nyumba ya patsidyayo yakhala yokiya zaka khumi ndi ziwiri.

Kamlathoko katayamba kung'aluka, Mwatima anaitana mmisiri, a Vuai, kuti atseke khomo lake ndi njerwa. Kunoko, usanatseke khomo lotere umaimapo n'kuitana katatu, kuti amene ali kutsidya abwerere kwawo. A Vuai anaseka.

"Ndiitane ndani, mlongo wanga? Mileme?"

"Inu a Vuai, ulesi wake umenewu, mpaka kuumira mawu?" anatero Mwatima. Koma nayenso sanaitane. Pansi panali ogula.

Tsiku lachitatu, pemphero la swala ya madzulo litangotha, Mwatima ankapesa tsitsi la mayi ake, Bi Zuhura, nkhalamba youma miyendo, yosatha kuima popanda woigwira. Kuseri kwa njerwa zatsopano kunamveka mawu a mkazi.

"Odi."

Mawu aulemu, osafulumira. Mwatima anasuzumira pazenera poganiza kuti achokera mumsewu. M'kanjiramo munali mphaka yekha.

"Odi."

"Mayi, musayankhe."

"Ndinakulera choncho iwe? Mlendo mpaka aodire kawiri?" Anatembenukira kukhoma. "Lowani, achemwali."

Palibe analowa. Kunangomveka fungo la lubani, pomwe iwo sanafukize.

Mwatima atadzuka m'mamawa kuti aswali, pabedi la mayi ake panalibe munthu. Chitseko chapansi chinali chopiringidza cha mkati. Khoma linali bwinobwino, simenti youma gwa. Anafunafuna m'sitolo, kuseri kwa mipukutu ya nsalu, ngakhale m'chitsime cha pabwalo.

Wogulitsa khofi ndiye anawaona. Anali pazenera lapamwamba la nyumba ya patsidya, atakhala pampando, akuonerera odutsa. Amuna anathyola loko wadzimbiri. Pamasitepe fumbi linali losapondedwa. Anawatsitsa anthu anayi. M'manja mwawo munali mopakidwa utoto wa hina watsopano, timaluwa ting'onoting'ono tomwe atsikana a masiku ano sadziwa kujambula.

"Wakupakani ndani, mayi?"

"Funso lanji limenelo? Ukwati ndi Lachisanu, ndipo iwe sunasoketse n'komwe chovala."

"Ukwati wa ndani?"

Anangomuyang'ana momumvera chisoni.

Anthu agawikana. Ena akuti khomalo ligumulidwe kuti wotsekeredwayo abwerere kwawo, nkhalamba aisiye. Ena akuti ukagumula watsegulira onse. A shehe anabwera, anawerenga Korani, n'kuchoka osanena mbali. A Vuai akukana kukweranso kuchipinda chapamwambacho.

Mwatima anafunsa ine choti achite. Tinangopemphera limodzi. Tsopano amagona atamanga nsalu kuchokera padzanja lake kufika pamwendo wa mayi ake.

Lero ndi Lachinayi. Dzulo, akuti, mayi anamupempha modekha kuti awasitire chovala chawo chabwino, ndipo iye anangozindikira ali mkati mosita.