Kaputeni Sanabwerere

Tikhala anakumana ndi Funsani pa siteji ya Mbombwe, tsiku limene minibasi zinkangodutsa zodzadza. Mtsikanayo anali atatsamira mtengo, maso ali pafoni, akuonera Chombo cha Mlalang'amba, filimu ya m'magawo yomasuliridwa m'Chinyanja imene inapengetsa achinyamata a ku Chiradzulu chaka chimenecho.

"Achemwali, Kaputeni ameneyo mutu sukuyenda," anatero Funsani, mnyamata wa kabaza, akusuzumira ali panjinga yake yamoto. "Munthu wanzeru angakonde loboti?"

"Lobotiyo ili ndi dzina, ndi Ziya," Tikhala anayankha osatembenuka n'komwe. "Ndipo ili ndi mtima kuposa anyamata a kabaza."

Funsani anaseka chikhakhali! Anamunyamula mpaka ku Boma, akukangana njira yonse. Pofika anali atapatsana kale manambala.

Chikondi chinayaka ngati moto wa mapesi. Kukangocha, foni inkalira.

"Ziya wanga, wadzuka bwanji? Popanda iwe chombo changa sichinyamuka."

"Kaputeni wanga, uziyendetsa bwino. Mtima wanga uli panjingapo."

Lamulungu lililonse masana ankakhala pakhonde la saluni imene Tikhala ankagwirako ntchito, mahedifoni amodzi, aliyense khutu lake. Magawo onse khumi anali mu memori ya Tikhala, imene anamuikira Rajabu, wobena mafilimu wa pamsika.

M'gawo lachisanu ndi chinayi, Kaputeni anamusiya Ziya yekha pa dziko la madzi oundana, chombo n'kunyamuka. Tikhala analira osati masewera. Koma m'gawo lomaliza, uyo Kaputeni watulukira, wamunyamula Ziya m'manja!

"Waona?" anatero Funsani, akumupukuta misozi. "Inenso ndi chimodzimodzi. Ngakhale ndipite kutali bwanji, ndidzabwerera kwa iwe. Ndikulumbira!"

Ndani sakanakhulupirira?

Pa gulu la WhatsApp la okonda filimuyi, nkhani inali ina. Onse ankati Kaputeni anamutaya Ziya, filimu n'kuthera pomwepo.

"Inu awirinu munaonera filimu yanji?" analemba Ignasio, mkulu wa gululo. "Pomusiya Ziya, Kaputeni ali ndi chipsera pamphumi. Nanga m'gawo mukuti lomalizalo chipseracho chapita kuti?"

"Chinapola! Nkhani yonseyi ndi ya kukhulupirika," anayankha Tikhala.

"Ayi chemwali. Ikutiphunzitsa kuti munthu akathana nacho chinthu, amataya."

Tikhala zinamukwana, mpaka anapita kwa Rajabu kuti akamve zoona. Rajabu anayang'ana pakompyuta yake, n'kugwira pakamwa.

"Pepani achemwali, tsiku limene lija ndinasemphanitsa manambala. Naini ndinailemba teni, teni ndinailemba naini. Ndi memori yanu yokha, enawa ndinawaikira bwinobwino. Bweretsani ndikonze."

"Isiyeni choncho," anatero Tikhala akumwetulira.

Sanauze munthu aliyense. Mathero olakwikawo ankawakonda, chifukwa anali awo awiri basi. Ndipotu memoriyo inali kwa Funsani, amene anaibwereka ati azionera podikira makasitomala.

Kenako Funsani anayamba kusowa. Lamulungu loyamba ati ali pamzere wa mafuta ku Limbe. Lachiwiri ati tcheni chaduka. Mauthenga aja anafupika mpaka kutsala "Bho bebi."

Lachinayi lina masana, Tikhala akuluka kasitomala, pagulu panalowa munthu watsopano, Nester wa ku Mikolongwe. Sanachedwe kulowerera mkangano.

"Nonsenu mukunama! Kaputeni anabwerera kudzamutenga Ziya. Ndaonera dzulo ndi maso angawa, ine ndi Kaputeni wanga."

Chipeso chinagwa m'manja mwa Tikhala. M'Chiradzulu monse munali memori imodzi yokha imene Kaputeni amabwerera!

Anamupeza Funsani pa siteji pomwe paja, akupukuta njinga.

"Nester waonera pa memori ya ndani?"

"Nester wake uti? Aaa, Ziya wanga, filimu imeneyi ili ndi aliyense."

"Usandinamize, Funsani. Rajabu anasemphanitsa magawo mu memori yanga yokha. Kwa anthu onse Kaputeni amathawa."

 Funsani anapukutanso galasi loyera kale.

"Ndi kasitomala chabe, bebi."

"Kasitomala amakutchula Kaputeni? Unamupukutanso misozi? Unamulumbiriranso pa gawo lomwe lija?"

Funsani anapisa m'thumba. Tikhala anatambasula dzanja, memori n'kugweramo. Mtima unkamuwawa ngati wathiridwa tsabola, koma misozi anaimeza mpaka atakhota kuseri kwa sitolo.

Anapita kwa Rajabu. "Konzani manambala aja."

Anaonera yekha, mahedifoni onse awiri m'makutu mwake. Kaputeni anamupulumutsa Ziya, n'kuvulala pamphumi. Kenako, ndi chipsera chake, anamusiya pa madzi oundana, osacheuka ngakhale kamodzi.

Analemba pagulu: "A Ignasio, munkanena zoona. Kaputeni sanabwerere."

Nester anayankha nthawi yomweyo: "Anabwerera! Inu simuchidziwa chikondi."

Tikhala anayamba kulemba, kenako n'kufufuta. Amuuziranji? Nester anali adakali pa gawo lokoma, lomaliza adzalionera yekha.